Dzina Limene Tinadula

Ine si munthu wokonda nkhani za mizimu, ndipo pa msinkhu wangawu bodza lingandipindulire chiyani? Zimene ndikufotokozazi ndinazimva ndi makutu angawa. Telala amene amakhala m'chipinda cha kuseri kwathu anazimvanso. Mukhoza kukamufunsa, ngakhale sakonda kuzikamba.

Mwana wa mchimwene wanga ankakhala ndi ine pamene ankachita digiri yake yachiwiri. Timamutcha Kafunsefunse, chifukwa kuyambira ali wamng'ono sankalola kanthu kudutsa osakafunsa. Maphunziro ake anali okhudza ziwawa za ndale, ndi mmene anthu amayanjaniranso magazi atakhetsedwa. Ine ndinkamuseka kuti kodi mtendere nawonso amauphunzira m'kalasi ngati masamu? Iye ankandibwezera kuti ine ndi bambo ake tinakhala zaka zitatu osalankhulana chifukwa cha mbuzi imodzi, ndiye tikanayenera kukhala pa benchi ya kutsogolo.

Ntchito yake inali kuyenda ndi kamakina kojambulira mawu, kukacheza ndi anthu amene anataya abale pa zipolowe za pambuyo pa chisankho, zaka zambiri zapitazo. Akabwerako ankakhala pa tebulo lodyera, kumvetsera ndi kulemba. Lamulo la kusukulu kwawo linali lakuti dzina la munthu lisapezeke paliponse, kuopa kuti oipa angamulondole. Aliyense ankapatsidwa nambala. Dzina likatchulidwa m'mawu ojambulidwawo, ankalidula tsiku lomwelo.

Nambala 14 anali mayi wokalamba wogulitsa makala, wokhala yekha kumene anathawira nyumba yake itawotchedwa. Mwana wake, mmodzi yekhayo, anapita kukagula mankhwala tsiku la zipolowe, osabwerako. Anaikidwa m'dzenje limodzi ndi ena osadziwika. Mayiyo anafotokoza kuti mwanayo anali ndi kachizolowezi kake. Akafika pakhomo ankagogoda kawiri, n'kutsokomola, koma osalowa mpaka amayi ake atamuitana ndi dzina. Anayamba ali mwana ngati masewera, n'kukula nazo mpaka ndevu.

Potsanzikana, mayiyo anamugwira dzanja mtsikana wanga.

"Mwanangu, dzina langa mulibise. Koma lakelo mulilembe. Kuno palibe amene anamudziwa. Ndikafa ine, adzamutchula ndani?"

Kafunsefunse analonjeza kuti akapempha chilolezo kwa aphunzitsi ake. Koma tsiku limenelo anacheza ndi anthu asanu. Anafika kunyumba atatopa, mapazi atatupa, ndipo manja anangochita zimene anazolowera. Anadula mayina onse.

Chilolezo chinatuluka patatha miyezi iwiri. Aphunzitsi anati dzina likhoza kulembedwa, malinga mayiyo atasaina. Mtsikana wanga anakwera basi ndi pepalalo, akumwetulira, poti dzinalo akakangolifunsanso. Anapeza chitseko chomanga ndi waya. Mayiyo anali atamwalira masabata atatu m'mbuyomo. Anansi ankangomudziwa kuti amayi a makala. Za mwanayo anangomva kuti analipo.

Dzinalo Kafunsefunse analimva kamodzi kokha, pakati pa mayina ambirimbiri. Anavundukula makope ake onse. Analifuna m'mutu mpaka kuonda. Chakudya ankangochitola ngati mbalame.

Loweruka lina masana kunkawaza mvula. Ine ndinkasoka batani pa mpando, iye akumvetseranso nambala 14, kamakina kali pa tebulo. Mayiyo ankati, "Ndiye ine ndinkangoti," kenako pamabwera podulidwa paja, kenako n'kumaliza kuti, "lowa, usandivute." Masiku onse podulidwapo pankadutsa ngati kuphethira kwa diso.

Tsiku limenelo panatalika.

Kamakina kankayenda. Mawu kunalibe.

Kenako fungo. Matayala opsa. Ndinapita kukhitchini, mbaula inali yozima. Nkhuku zimene zinausa mvula pakhonde zinangoti zii.

Go. Go.

Chinali chitseko cha kumaso. Kenako munthu anatsokomola. Chifuwa cha mnyamata, chouma, chaulemu.

Ndinati, "Lowani."

Palibe analowa.

Ndinatsegula. Pakhonde panalibe munthu. M'matope a pabwalo munalibe phazi. Koma chiguduli chopukutira mapazi chinali chodindika malo awiri, ngati wina waimapo.

Telala anatulukira kuseri, tepi ili m'khosi, akufunsa kuti wamisala ndani akuwotcha matayala mvula ino. Atationa nkhope anasiya nthabwala. Ali chiimire pomwepo, chitseko chili chotsegula, dzanja langa lili pa chigwiriro, tinamvanso. Kawiri. Thabwalo linanjenjemera m'manja mwanga.

Telala ananong'ona, "Mayi, ndani ameneyo?"

Kafunsefunse anali atagwada pakhomo. Anayamba kuitana mayina a anyamata, onse amene ankawadziwa, limodzilimodzi, mofatsa ngati mayi woitana mwana kudzadya. Akatchula, ankadikira. Akatchula, ankadikira. Mvula inakata. Dzuwa linapendeka. Mawu ake anasasa.

Pomaliza anagunditsa chipumi pansi.

"Pepani achimwene. Ndinadula ndine."

Pa tebulo kamakina kanayambanso kulankhula. "Lowa, usandivute," anatero mayi uja. Fungo linachepa pang'onopang'ono. Chiguduli chinakhalabe chodindika mpaka m'mawa.

Digiri anaitenga, ndipo aphunzitsi anati ntchito yake inali yabwino kuposa ya anzake onse. Pa tsamba loyamba, pamene ena amathokoza makolo awo, iye anasiya mzere wopanda kanthu. Tsiku lovala mkanjo anajambulitsa chithunzi chimodzi chokha, osaseka. Pano akugwira ntchito kutali, yoyanjanitsa anthu amene anamenyana, ndipo akuti munthu akamuuza dzina amalibwereza katatu asanalembe china chilichonse. Akaimba foni safunsa za thanzi langa poyamba. Amafunsa ngati kunagwa mvula.

Pakuti mlendo uja sanamutsatire. Anatsala pano, pamene dzina lake linathera.

Ndili ndi kakope m'chikwama. Ndikamva dzina lachilendo la mwamuna, kaya m'basi, kaya pa mzere wa kuchipatala, ndimalilemba. Mvula ya masana ikayamba kuwaza ndimakhala pafupi ndi chitseko. Akagogoda kawiri n'kutsokomola, ndimatsegula, n'kuitana onse amene ndatola mwezi umenewo. Iye amadikira mpaka ndimalize. Ndi mwana woleredwa bwino.

Sanalowebe.