Anthu Akadali Chilili

Odile Brasseur anakhoma chitseko cha tchalitchi basi yomaliza itapita kalekale, koma iye osadandaula. Adandaule chiyani? Ankangoseka yekha ngati walawa mowa wa maapozi.

Mawa lake pa misa anali kukayesedwa. Mpando wa woliza limba lalikulu la mipope unali wopanda mwini, ndipo Bambo Mfumu anali atamuuza mosabisa: "Nyimbo za m'mabuku mumaziliza bwino, mayi, palibe wotsutsa. Koma nyimbo yotulukira ikhale yanuyanu, yochoka m'mutu mwanu. Ikakanika, mpandowu tipatsa mnyamata wa ku Rouen uja." Kwathu kuno ku Normandi ndi momwemo. Uloweze mabuku onse, koma ngati sungathe kutulutsa anthu m'tchalitchi ndi nyimbo yopeka wekha, timangoti ndiwe mlendo pa limba. Ndipo Odile, chisoni, akangotseka buku zala zinkauma gwa.

Koma usiku umenewo, ali yekha pamwamba paja pamene pali limba, nyimbo inangobwera! Inayambira kumapazi, pa matabwa a mawu akuluakulu aja, n'kukwera m'manja, mipope yonse n'kubangula mpaka mawindo kunjenjemera. Inali yake. Koyamba chibadwire, yake! Vuto linali limodzi: ikafika pamwamba penipeni inkangoduka ngati ulusi. Anayesa kukwera kupitirira apo, anayesanso, mathero osabwera. "Ndiwapeza m'njira," anatero, n'kuuyamba wapansi kupita kumudzi kwawo, akuiyimba chapansipansi kuti isamuthawe.

Msewu unatsetsereka pakati pa minda ya maapozi mpaka kumtsinje, kumene nkhungu inali itagona pamadzi. Odile ankayenda modumphadumpha, akudziona kale atakhala pampando uja, wa ku Rouen akutola zikwama zake. Atafika pakati pa mlatho anamva mluzu kumbuyo kwake.

Anaima. Mluzuwo unali wa nyimbo yake.

Osati yofanana nayo, ayi. Yomweyo! Nyimbo yobadwa usiku womwewo, m'tchalitchi chokhoma, kiyi ali m'thumba mwake. Mluzu unakwera, unakwera... n'kuduka. Pomwe paja.

Choyamba kumugwira unali mkwiyo, poti Odile sanali wofatsa monga ankaonekera. "Ngati wakutuma ndi wa ku Rouen uja," anakuwa, "kamuuze apeke yake! Akuba inu!"

Zii. Madzi okha pansi pa mlatho.

Anapitiriza, tsopano mofulumira. Kumbuyo kunamveka mapazi. Koma sanali mapazi a munthu woyenda bwinobwino. Chidendene, chala. Chidendene, chala. Cham'mbali, monga mmene woliza amapondera matabwa a limba. Anacheuka...

Nkhalamba. Chijasi chakuda, mutu wopanda chipewa. Kumapazi inali ndi nsapato zopyapyala zolizira limba, zimene wamisala yekha angayende nazo panja. Msewu wonse unali matope, koma pansapatozo panalibe ndi kadontho komwe.

"Anthu akadali chilili, mtsikana iwe," inatero nkhalambayo, mawu ake ngati ochokera m'mpope wotha mpweya. "Zitseko azitsegula kale. Ukuwasungiranji?"

"Anthu ati, bambo?"

Inangokoka mpweya, n'kuyambanso mluzu.

Odile anathawa. Chikwama chikumumenya m'nthiti. Mpango kugwa, iye osautola. Kukwera chitunda. Mpanda wamiyala wa kumanda uwo, kudzanja lamanzere, wautali, wosatha. Mluzu ukadali m'khutu! Ukukwera! Waduka! Wayambanso! Mayo! Angodutsa geti lachitsulo la mandalo, angodutsa basi...

Nkhalamba inali itaima pageti. Patsogolo pake.

Njira yachidule kumeneko kulibe. Tonse timadziwa.

"Ndatopa kuima," inatero. "Maliza."

Kubwerera kunali kosatheka, kudutsa kosatheka. Anatsegula pakamwa n'kuyamba kuyimba. Anakwera nayo. Nkhalamba ikumutsatira ndi mluzu. Anafika pamwamba paja... mluzu zii. Anatsala yekha. Anafuna kukwera ndithu monga ankachitira pa limba, koma mpweya unali utathera m'kuthamanga kuja. Mawu anakana. Anatereka, n'kugwera pansi pang'ono.

Ha!

Njira inali imeneyo! Usiku wonse ankakankha denga, pamene nyimboyo inkafuna kutsika! Anatsika nayo sitepe ina, inanso, ikutambasuka, ikukula, ngati anthu akamatsika makwerero a tchalitchi kulowa padzuwa. Mapazi ake anayamba okha kuponda m'matope, chidendene, chala. Manja m'mwamba, akuliza mphepo. Mantha anali pomwepo, inde, koma chimwemwe chinawaposa. Mtsikana uja anayimba mokuwa pageti la manda ngati ali pa ukwati, mpaka anakaikhazika nyimboyo pa liwu lake lomaliza, lalitali, lokhuta.

Nkhalamba inagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Eya," inatero. "Tsopano tikhoza kutuluka."

Geti linalira kwiii! Odile anaphethira. Panalibe munthu.

Sadziwa mmene anafikira m'mudzi. Nyali inkayaka pamalo amodzi okha, kophikira buledi kwa mdala Firmin, amene amakanda ufa anthu ali mtulo. Anagwera mkati osagogoda, matope mpaka m'mawondo, akuseka ndi kulira pamodzi.

"Odile iwe!" anatero Firmin. "Wakuthamangitsa ndani usiku uno, chibwenzi kapena galu? Taona matopewo, undipondera ufa!"

"Siyani za ufa, Bambo Firmin, tamverani! Ndaipeza! Ya mawa ija, ndaipeza!"

Anayamba kuiyimba. Asanafike patali mdala uja anasiya kukanda. Anadzilemba chizindikiro cha mtanda, ufa n'kutsala pamphumi.

"Imeneyo waimva kuti?"

"Kuimva? Ndapeka ndine! Lero lomwe!"

"Usandiseweretse, mwana iwe. Ine ndinali m'kwaya tsiku limenelo. Pasaka, nkhondo isanayambe, amako akadali mtsikana. Amene ankaliza anali Anselme Gaudry. Misa yatha, tonse taimirira, zitseko azitsegula, iye n'kuyamba imeneyo. Inakwera, inakwera, n'kuduka. Tinadikira, tikuyesa ndi nthabwala zake. Titakwera tinampeza atagwera pa limba." Anapukuta manja pathewera lake, akumuyang'ana. "Pamaliro ake limba tinalifunda nsalu yakuda, silinalire, monga timachitira woliza akafa. Palibe anamutulutsa ndi nyimbo. Ali kuseri kwa geti wadutsalo."

Odile anakhala pansi pa thumba la ufa. Chimene chinamupweteka kwambiri si mzukwa. "Ndiye kuti si yanga," anatero chapansipansi. "Ndimayesa ndayamba kupeka, chikhalirecho ndikungoloweza za munthu wina. Mawa ndilibe kanthu."

Firmin anakanda chibwano. "Wati wapeza yonse? Taiyimbanso. Osaima."

Anaiyimba monyinyirika, misozi ili m'maso. Anafika pamwamba paja, mdala n'kutsinzina ngati akuyembekezera kumenyedwa. Koma nyimbo sinaduke. Inatembenuka, inatsika, inatambasuka mpaka kukafika kwawo.

Mdala uja anatsegula maso mochedwa. Buledi anali atayamba kupserera mu uvuni, iye osamva fungo.

"Nyimbo imeneyi yandisowetsa tulo moyo wanga wonse," anatero, "koma zotsikazo sindinazimvepo. Gaudry anafa asanafike pamenepo. Zimenezo, mwanawe, n'zako."