Loweruka Limene Jethro Penhale Analowa M'bwalo Ataledzera

Okalamba a m'tauni ya migodi ya Ballarat akamakumbuka mpira womenya ndi kuwakha wa zaka za m'ma 1880, dzina la Jethro Penhale silisowa. Anakulira m'banja lopemphera. Bambo ake ankakumba golide, mayi ake, a Keziah, ankaimba kwaya kutchalitchi. Loweruka masana anthu akaweruka kumgodi, ankathamangira kubwalo kukaona Jethro akuuluka n'kuwakha mpira pamwamba pa mitu ya anzake. Akaumenya n'kudutsa pakati pa mizati, zipewa zinkangoti balala m'mwamba.

Pachipata pankaima Cormac Duggan, mwini bala ya mowa yapafupi.

"Ngwazi ngati iwe n'kumakamwa tiyi kwa amayi? Tiye, kapu imodzi yokha!"

Jethro anakana kawiri. Kachitatu analowa m'balamo.

Mayi ake atamva fungo la mowa anamugwira dzanja. "Mwanawe, anthu amenewo akukonda miyendo yako, osati iwe."

"Aa, amayi, ndi wongochotsa ludzu."

Posakhalitsa kutchalitchi anasiya, kokonzekera masewera ankapita mwa apo ndi apo. Kenako timu yaikulu ya ku Melbourne inabwera pa sitima, tauni yonse n'kukhamukira kubwalo. Jethro anayamba wadzera kwa Duggan.

"Imwa makapu awiri, mtima ukhale m'malo," anatero Duggan.

Jethro anamwa makapu asanu.

Mpira utakwera m'mwamba, Jethro anadumpha mosaona bwino. Bondo lake linakafikira pakhosi pa Silas Uren, mnzake wa timu imodzi amene anakulira naye limodzi. Silas anagwa osadzukanso. Anamutulutsa atamugoneka pachitseko. Dokotala ananena kuti sadzayendanso.

Jethro sanaugwirenso mpira, ndipo pakhomo pa Duggan sanapondeponso. Patapita mwezi anakagwada pambali pa bedi la mnzakeyo akulira.

"Dzuka iwe," anatero Silas. "Misozi yakoyo indiyendetsa? Loweruka udzanditenge, ndikufuna ndikaonere mpira."

Kwa zaka makumi atatu Jethro ankakankha chikuku cha Silas kupita kubwalo, mvula kaya dzuwa. Mnyamata wina akawakha bwino, Silas ankati, "Ameneyu sakukufika, Jethro." Jethro ankangoyang'ana pansi.

Achinyamata, mowa suwononga womwa yekha. Mulungu anamukhululukira Jethro, Silas nayenso anamukhululukira, koma Silas anamwalira asanaimenso ndi miyendo yake.