Chivindikiro cha Peni ya a Pilato

Likhweru lija linayamba Lolemba usiku, chiperoni chitakuta phiri. Lettie anali atangozimitsa nyali pamene anamva kamawu kopyapyala, fyuu, kuchokera kunsi kwa bedi. Kunsiko kunali chitini cha mabisiketi, ndipo munali chinthu chimodzi chokha: chivindikiro chobiriwira cha peni ya bambo ake.

Bambowo, a Pilato, anali kalaliki wa zankhalango ku Likhubula. Tsiku lomwe anasowa, Lettie ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, anawabera chivindikirocho chifukwa chinkalira bwino akachiuzira. Iwo anafunafuna, nakalipa, nakulunga peni m'kansalu n'kutuluka. Sanabwerenso. Anthu, pakamwa pawo posatopa paja, ankati anathawira mkazi wina ku Mozambiki. Lettie anakula ndi funso limodzi: kodi ababa anawataya dala, iye ndi amayi ake?

Lachiwiri likhweru linalira kawiri. Lachitatu linalira motalika, mpweya wake wonjenjemera ngati wa munthu wokwera chitunda, agalu onse a m'mudzi ali zii. Lettie, mayi wa zidzukulu ziwiri, anafunda kumutu ngati kamwana mpaka kunja kunayera.

Kutacha anapita ndi chivindikirocho kumsika wa Thuchila kwa a Elson, nkhalamba yokonza mawotchi yomwe sitaya ngakhale msomali wopindika.

“Agogo, chinthuchi chikundisowetsa tulo. Chitengeni.”

A Elson anavala galasi lawo la diso limodzi, nachitembenuza pang'onopang'ono.

“Iyi si peni ya m'golosale, mayi. Mukuona mizere m'katimu? Chivindikirochi n'chopotokola, osati chongokankha. Peni zoterezi zinkamwa inki m'botolo, ukakoka kachitsulo ka m'mbali. Dzina la opanga linafufutika, koma mtundu wake ndaudziwa.” Kenako anatsitsa mawu. “Zokusowetsani tulozi zayamba liti?”

“Lolemba.”

Nkhalamba ija inatsegula kabati n'kutulutsa thunthu la peni lobiriwira, lopanda chivindikiro, kachitsulo ka m'mbali kali dzimbiri lokhalokha.

“Anthony, uja amanyamula katundu wa alendo m'phiri, anandibweretsera iyi. Anaipeza kunsi kwa phompho, mumng'alu wa thanthwe, pamodzi ndi chitsulo cha lamba ndi zina zimene sanafune kuzigwira. Anatsika nayo Lolemba. Koma musafulumire, mayi, peni za mtundu umodzi zimakhala zambiri.”

Analowetsa thunthu m'chivindikiro n'kupotokola. Kamodzi, kawiri, kachitatu n'kugwira. Pachivindikiro panali kachipsera ka ndudu komwe Lettie ankakasisita ndi chala kuyambira ali mwana, kongothera m'mphepete. Tsopano theka lake linali pathunthu, ndipo mbali ziwirizo zinakumana ndendende.

Lettie anangokhala pansi, padothi pomwepo, anthu ogula tomato akumulambalala. Choncho ababa sanapite ku Mozambiki. Anapita kuntchito, phiri n'kuwasunga. Zaka makumi anayi! Analira, koma mtima wake unapepuka, ndipo anagwira dzanja la a Elson ndi manja awiri.

“Mwandibwezera bambo anga. Ndikuthokozeni bwanji?”

“Muthokoze Anthony. Wina akanangoiponda.”

Loweruka Anthony anatsogolera abale ndi akuluampingo kukatenga zimene phiri linasiya, ndipo a Pilato anagona pambali pa mkazi wawo, yemwe anamwalira akuwayesa othawa banja.

Usiku umenewo Lettie anaika peni patebulo, yotseka bwinobwino, moti mpweya sukanalowa pena paliponse. Anazimitsa nyali. Mphepo inaleka, tizilombo ta kunja tinakhala chete. Ndiyeno pafupi ndi khutu lake, fyuu, kamodzi kokha, kofewa, mmene bambo amayankhira mwana akamasewera naye.

Lettie sanafunde kumutu.

“Zikomo, ababa,” ananong'ona. “Pepani, chivindikiro chija chinali ndi ine.”