Misozi Yobwereka ya Felisberto

Graciete anali ataimirira pampando, akupukuta fumbi pamashelefu a zimbale za mafilimu, pamene mwamuna wina analowa. Sitolo yobwereketsa mafilimu ya Dona Perpétua inali ku Ponta Gêa, mumzinda wa Beira, ndipo chikwangwani chake chinali chitadyedwa ndi mphepo ya kunyanja. Mwamunayo, Felisberto, ndiye anaitanidwa kudzachilembanso.

"Tsikani pamenepo, chemwali," iye anatero. "Mukagwa, andipatse madzi akumwa ndani?"

"Mwabwera kudzapenta kapena kudzamwa madzi?"

"Zikwangwanizi n'zothandizira mimba chabe. Ine ndine wojambula zithunzi."

Padzanja lake lamanja panali chipsera chachikulu cha moto. Mtsikana woleredwa bwino safunsa mlendo za zipsera zake. Graciete anafunsa, ndipo tsoka lake linayambira pomwepo.

Felisberto anafotokoza akuyang'ana pansi. Anati bambo ake anasonkhanitsa zithunzi zake zonse n'kuziyatsa pabwalo, ndipo iye anapisa dzanja m'moto kuti apulumutse chithunzi cha mayi ake. Anati pambuyo pake mutu unasokonezeka, ndipo anakam'tsekera kuchipatala cha amisala, kumene ankajambula pakhoma ndi makala.

"Musauze munthu aliyense. Ndauza inu nokha."

Graciete analonjeza, misozi ili m'maso. Kodi mtima wa mtsikana uli ndi chitseko chotani chimene chisoni sichingatsegule?

Posakhalitsa mauthenga anayamba kulowa pafoni yake.

"Nyali yanga, usanabwere maso anga ankangoona phulusa."

"Ukadzandisiya, ndidzathyola maburashi anga onse."

Tsiku lina Felisberto anabwera ataledzera. Anapeza Graciete akuseka ndi woyendetsa minibasi pasiteji, ndipo anam'menya mbama anthu akuona. M'mawa mwake uthenga unafika: "Si ine ndinakumenya, duwa langa. Ndi moto uja, sunazime m'mutu mwanga."

Azakhali a Graciete, a Ermelinda, amene anam'lera ku Manga, anaona tsayalo litatupa.

"Iwe mwana, munthu wayamba kumenya asanakwatire, akakwatira adzatani?"

"Azakhali, simukudziwa zimene iye wadutsamo."

"Tiuze ndiye."

"Sindinganene."

Graciete anam'khululukira Felisberto, ndipo anam'khululukiranso atabwereza. Mpaka tsiku linapanganidwa lakuti Loweruka abale a Felisberto adzafike ku Manga kudzafunsira mbeta. Azakhali anagula mbuzi, ngakhale mtima sunafune.

Dona Perpétua anali ndi lamulo lake: chimbale chatsopano sichibwereketsedwa chisanaoneredwe kuyambira poyamba mpaka pamapeto, chifukwa zina zinkafika zokandika. Ntchitoyo inali ya Graciete. Lachinayi katoni inafika kuchokera ku Maputo, ndipo m'menemo munali filimu yakale kwambiri ya kunja, imene inali itangotuluka kumene pachimbale. Inali ya moyo wa wojambula wina wovutika maganizo.

Graciete anasangalala. Anaganiza kuti akaionera limodzi ndi wokondedwa wake, amene yekha akanaimvetsa. Anaiika m'makina.

Pakanemapo bambo wina anasonkhanitsa zithunzi pabwalo n'kuziyatsa. Mwana wake anapisa dzanja m'moto. Graciete anadabwa, koma anadziuza kuti mavuto a ojambula amafanana.

Kenaka kunabwera chipatala cha amisala, khoma ndi makala. Kenaka wojambulayo anagwada pamaso pa mkazi, ndipo mawu a Chipwitikizi anatuluka m'munsi mwa kanema: "Nyali yanga, usanabwere maso anga ankangoona phulusa."

Graciete anaimitsa filimuyo. Anaibweza m'mbuyo. Mawuwo anatulukanso, osasintha ngakhale limodzi. Ndipo patsogolo pake mbama inalinso momwemo, pamodzi ndi kupepesa kwake.

Dona Perpétua anaima kumbuyo kwake, akudya mkate ndi nsomba.

"Iyi ndinaionera kuholo yakale ya kanema ija, isanasanduke tchalitchi. Woyendetsa makina anali Custódio, malume ake a Felisberto wakoyo. Mnyamatayo anakulira momwemo, amaloweza mafilimu ngati katekisimu."

"Nanga chipsera chija, mayi?"

"Anagwira nyali ya makina isanazizire. Bambo akewo ali moyo ku Munhava, munthu wofatsa, sangawotche ndi chinyalala chomwe. Bwanji, anakuuza chiyani?"

Graciete anatenga foni yake. Analembera Felisberto uthenga: "Bwera kusitolo, kwafika chinthu chako."

Felisberto anafika akumwetulira, utoto uli m'malaya.

"Duwa langa, wandisungira chiyani?"

"Khala pansi, Felisberto. Uonere bambo ako."

Moto utayaka pakanemapo, kumwetulira kunatha. Iye ankakhulupirira kuti filimu imafa pamodzi ndi holo imene inaionetsa. Sankadziwa kuti zakale zimauka, n'kulowa m'nyumba za anthu.

"Waitenga kuti imeneyi?"

"Limenelo ndilo funso lako? Ndinanyamula mbama zako ngati mtanda. Ndinakangana ndi azakhali amene anandilera. Ndinalirira mayi ako, chithunzi chawo, dzanja lako. Ndinkalirira mzungu wa m'filimu!"

"Graciete, tamvera. Nkhaniyo ndinabwereka, inde, koma chikondicho n'changa."

"Chabwino. Ndiuze mawu amodzi amene ndi akoako."

 Felisberto anayang'ana kudenga. Kenaka anagwada, misozi n'kuyamba kutsika.

"Ndine nyumba yopanda denga. Ukachoka iwe, mvula..."

"Wafulumira, bambo. Amenewo amawanena mkazi uja atalongedza kale katundu. Dikira, ndikupititsire patsogolo."

Dona Perpétua anatsamwa ndi mkate.

Felisberto anaimirira, nkhope itasintha, dzanja lachipsera lija litakwezedwa. Graciete sanasunthe.

"Menya. Lero ulibe moto woti uunamizire."

Dzanjalo linatsika. Analunjika pamakina kuti atulutse chimbalecho.

"Thyola ngati ukufuna," anatero Dona Perpétua. "Zabwera zambiri. Pofika Lamlungu nyumba iliyonse ya makina ku Beira idzakhala itawaona bambo akowo."

Felisberto anatuluka osatsanzika, monga amachitira onse amene bodza lawathera.

Munthu wosauka akabwereka jekete kuti akafunsire mkazi, tingamumvere chisoni. Koma wobwereka mabala a wina kuti apeze chilolezo chomenyera mwana wa eni, ameneyo tim'tche dzina lotani?

Graciete anaimbira foni ku Manga.

"Azakhali, mbuzi ija isaphedwe."

"Wakumenyanso?"

"Ayi. Ndidzakufotokozerani zonse, tsopano ndingathe kunena."

Atatseka foni analira kwambiri, mokwiya, nkhope ataibisa m'manja. Dona Perpétua anam'gwira paphewa.

"Usamulirire, mwana wanga. Sakuyenera misozi yako."

"Sindikulirira iyeyo, mayi. Ndikulirira munthu amene ndinkamukonda. Ndikam'funa kuti, pakuti sanabadwe n'komwe?"