Makapu a Maluwa Abuluu

Anakumana pa siteji ya basi Lolemba m'mawa. Namwino wina wachitsikana anali atakumbatira katoni ngati khanda.

"Asisi, muli mazira mmenemo?" anafunsa mnyamata wina, dalaivala wa lole.

"Muli sosala imodzi, kambale koikapo kapu. Ndikusaka makapu ndi mbale za maluwa abuluu, zofanana ndi zimene anandisiyira malemu mayi anga. Zambiri zinasweka, ndipo fakitale inasiya kupanga."

"Ine ndimayenda kutali. Nambala yanu yokha, zinazo mundisiyire."

Lachisanu uthenga unalowa: "Kaduwa wanga, ndapeza kapu!"

Namwino anakuwa ndi chimwemwe mpaka odwala anadzuka. Madzulo atailandira, anaitembenuza kapuyo. Chidindo cha fakitale chomwecho! Kamzere kagolide komweko!

Kenako kunabwera mbale. Kenako kambiya ka shuga.

"Tsiku limene kabati yako idzadzaze, ndidzakuveka mphete," anatero dalaivala. "Tiyi wathu woyamba tidzamwera mmenemu, mtima wanga."

Ndani akanakayika? Namwino anayamba kuyang'ana madiresi oyera m'masitolo.

Tsiku lina anaona pa foni kuti mayi wina akugulitsa tipoti ya maluwa omwewo. Anathamangirako osamuuza wokondedwa wake, kuti akamudzidzimutse.

Mayiyo anamulandira ali ndi mwana m'manja, wina atagwira siketi. M'kabati mwawo munali mipata ngati m'kamwa mogweluka mano.

"Inali mphatso ya ukwati wathu," anatero mayiyo. "Koma zikungotha. Bambo akunyumba akuti ana ndi amene akuswa. Ndawakalipira ana awa mpaka ndatopa. Bola ndigulitse zotsalazi."

Namwino anatembenuza tipoti. Pansi panali kadontho kofiira ka penti wa zikhadabo.

"Ndimaika ndine, kuti zisasokonekere ndikabwereketsa," anatero mayiyo.

Namwino anayang'anitsitsa kadonthoko. Chilichonse chimene dalaivala anamubweretsera chinali ndi kadontho kotere, ndipo namwinoyo ankaganiza kuti ndi ka ku fakitale.

Foni ya namwino inalira, uthenga wa dalaivala. "Kaduwa, ndili kutali kwambiri, koma ndakupezera jagi ya mkaka! Mawa ndibwera nayo. Ndakusowa!"

Anakweza maso. Jagiyo inali pashelefu yapamwamba, pafupi ndi chithunzi cha ukwati. Mkwati amene ankamwetulira pachithunzipo anali dalaivala yemwe uja.

Anaika tipoti patebulo mosamala.

"Mayi, musagulitse. Jagi iyo muibise lero lomwe. Makapu anu ndibwera nawo mawa." Anayang'ana kamwana kogwira siketi kaja. "Ndipo ana awa sanaswe kanthu."