Kamthunzi ndi Mkaka Wachikasu

Mtsikana uyu amamutcha Kamthunzi. Amatsata amayi ake paliponse. Amayi akalowa m'khola, iye ali pambuyo. Amayi akamakama ng'ombe, iye ali pambali.

Lero Kamthunzi ali ndi nkhawa. Ng'ombe yabereka m'mawa. Koma kamwana kake n'kofooka. Sikakuimirira. Sikakuyamwa.

Amayi athamanga kukaitana dokotala wa ziweto. Pakhomo patsala Kamthunzi ndi amalume. Amalume ndi telala. Makina osokera amawadziwa bwino. Koma ng'ombe? Ayi ndithu!

Amalume akufuna kuthandiza. Akama ng'ombe, thukuta lili kamukamu. Ayang'ana m'ndowa. Akwinya nkhope.

"Aa! Mkaka uwu ndi woipa," akutero amalume. "Taona, uli chikasu. Ukunanda ngati utoto. Ndikautaye."

Kamthunzi agwira ndowa mwamphamvu.

"Musataye, amalume! Chonde musataye!"

"Bwanji, mwanawe?"

"Uwu ndi mkaka woyamba. Umatuluka ng'ombe ikangobereka. Uli ndi mafuta ambiri. Umapatsa mphamvu. Umateteza ku matenda. Kamwana kakapanda kumwa lero, katha kufa."

"Wakuuza ndani zimenezi?"

"Amayi. Ine ndimamvetsera."

Amalume akanda m'mutu. Aika ndowa pansi.

Kamthunzi atsuka botolo. Athiramo mkaka. Koma kamwana kakukana botolo. 

Kamthunzi aviika chala mumkaka. Achilowetsa m'kamwa mwa kamwana. Kamwana kanyambita. Kenako kayamwa chala! Pang'onopang'ono Kamthunzi achotsa chala. Alowetsa botolo.

Kamwana kakumwa. Kakumwa. Kakumwabe!

Patapita nthawi, amayi afika ndi dokotala. Apeza kamwana kakudzuka. Miyendo ili njenjenje. Kagwa. Kadzukanso. Kaima!

Dokotala aseka. "Mayi, mwandiitaniranji? Dokotala muli naye kale pakhomo pano."

Amayi akumbatira Kamthunzi. "Mwana wanga, wandinyaditsa lero."

Amalume asuzumiranso m'ndowa. "Mlongo, nanga ife anthu? Tingamwe?"

"Tikauwiritsa bwino, eya," ayankha amayi. "Umapereka thanzi kwa anthunso. Koma achimwene, mwiniwake ayambe wakhuta."

"Ndiye ine ndikhala pamzere," akutero amalume. Onse aseka.

Kamwana kayenda dzandidzandi. Kafika kwa mayi wake. Kafunafuna bere. Kalipeza!

Kamthunzi adumpha. Mtima wake wadzaza ndi chimwemwe.

"Amayi, onani! Kakuyamwa kokha!"