Msonkho wa Che Ndembo

Blasius sanali waulesi. Izi tineneretu, chifukwa anthu akamva za munthu wosauka amathamangira kunena kuti ankagona masana. Iye ankalima thonje ku Chikweo, pamunda wa apongozi ake, kuyambira mame asanaume mpaka msana kukana. Koma thonjelo likapita kumsika, ndalama zake zinkathera pomwepo. Wa mankhwala opopera ankatenga zake, wa golosale amene anamukongoza mchere ndi palafini ankatenga zake, khadi la chipani nalonso linkafuna kugulidwa. Pofika pa msonkho wa boma, m'thumba munkangotsala mpweya. Chaka chinadutsa asanakhome, chachiwiri chimodzimodzi. Chachitatu anayamba kukhala ngati gwape: akangomva belu la njinga ya mesenjala, uyo walowa m'chinangwa.

Chimene chinkamuwawa koposa njala chinali Willard, mnzake amene anasiyira naye limodzi sukulu. Willard ameneyu kale ankabwereka kabudula kwa Blasius popita kutchalitchi, koma tsopano anali ndi sitolo ya malata pa Ulongwe, wailesi, ndi njinga yamoto. Anthu ankanong'onezana kuti anakhwima. Blasius nayenso ankanong'ona nawo, koma mumtima ankati kukhwima kwakeko bwenzi kutamugwera iyeyo.

Pakhomo pa Blasius panalibe mwana. Anakhala ndi mkazi wake Lilian zaka zambiri, Mulungu osawayang'ana, mpaka anthu anatopa n'kufunsa. Chikondi chonse chimene chinalibe kolowera Blasius anachitsanulira pa Judith, mwana wa mlongo wake Modester. Bambo ake a Judith anapita ku Joni mwanayo akuyamwa, ndipo sanamvekenso. Kamtsikanako kanali kochangamuka, kamutu wakuthwa, koimba ngati kamezera belu. Kakaona Blasius akutulukira pa njira, kankataya chilichonse chimene kanyamula n'kumuthamangira kakufuula kuti, “Amjomba abwera!”

Tsoka silinunkha. Tsiku lina la msika amesenjala anatseka njira zonse, n'kuyamba kufunsa ziphaso za msonkho. Blasius anamugwira atanyamula kamulu ka usipa. Anamumanga pachingwe chimodzi ndi amuna ena, ndipo njira imene anawadutsitsa inali ya m'mudzi wa kwawo, pamaso pa amayi amene anamuona akukwawa. Judith anathamangira pamzerepo, n'kugwira malaya a amjomba ake, akulira, mpaka mesenjala anachita kumutsomphola zala. Modester anagulitsa mbuzi yake imodzi yomweyo, imene ankasungira fizi ya mwanayo, n'kukamuwombola. Ndalamazo zinangokwana chaka chimodzi. Za zaka ziwiri zotsalazo anamuuza kuti akapanda kukhoma pokolola, chingwe chidzabweranso.

Manyazi amene Blasius anachita tsiku limenelo anamuphera mtima. Mwamuna amene anayenera kuyang'anira mbumba, mbumba ndiyo inamuwombola. Patapita sabata anakagwada kwa Willard, ndipo Willard, atayang'ana uku ndi uku, anamutchulira dzina la Che Ndembo, sing'anga wa kutsidya kwa nyanja ya Chiuta.

Anafikako dzuwa lili paliwombo. Che Ndembo anali kankhalamba kowonda, kaukhondo, katakhala pakhonde la nyumba yaudzu yothonya, kakusenda chinangwa. Munthu wanzeru akanadzifunsa kuti wolemeretsa anzake akukhaliranji m'nyumba yotere, koma Blasius nzeru anali atazisiya kumsika kuja.

“Khalani pansi, bambo,” anatero Che Ndembo, maso ali pa mabala a chingwe amene anali pamikono ya mlendoyo. “Akumangani bwino. Mukufuna chiyani?”

“Ndikufuna ndisadzathawenso munthu, ambuje. Ndatopa ndi kugona m'chinangwa.”

“Zimenezo n'zazing'ono. Koma chathuchi chilinso ndi msonkho wake. Boma likamatolera wake, ifenso timatolera wathu, chaka ndi chaka.”

“Ndalama zingati?”

Nkhalambayo inaseka osatsegula pakamwa. “Ndalama ndikupatseni ndine, ndiye mundibwezere zomwezo? Ife timatolera pa mwana. Mwana wanu. Musaope, sitimutenga tsiku limodzi iyayi, ndife anthu achifundo. Timangotapako pang'onopang'ono, ngati mmene mkazi amatapira ufa m'dengu.”

Mtima wa Blasius unayamba kuvina. Mwana wake uti? Lilian anali asanaimepo ngakhale kamodzi. Anaona kuti nkhalambayi yadzitchera yokha msampha, ndipo anaweramitsa nkhope kuti chimwemwe chisaoneke.

“Mwamva bwinobwino?” anafunsa Che Ndembo. “Ine sindikakamiza munthu. Nenani ndi pakamwa panu.”

“Ndavomera. Muzitolera pa mwana wanga.”

“Chabwino. Chinanso, msonkho wathu saudumphitsa. Wodumphitsa timamutengera zonse pamodzi. Inu zimenezi mukuzidziwa kale.”

Anamutema mphini pamsana ndi m'manja, n'kumupatsa kansupa kakuda koti akakwirire pamene pakhale ntchito yake. Sanalandire ngakhale tambala imodzi.

Zinayenda, bodza n'loipa. Blasius anayamba ndi dengu limodzi la nsomba zouma za ku Chiuta, zangongole, ndipo pa Ulongwe anthu anazilimbirana ngati kulibenso ndiwo padziko. Dengu linabala madengu. Pokolola anakhoma msonkho wonse ndi dzanja limodzi, wa golosale anamulipira n'kumusiyira chenji. Sipanatenge nthawi, anaimika chigayo pa Ulongwe, nsupa ija ili pansi pa injini, n'kumanga nyumba ya malata ku Balaka pafupi ndi siteshoni ya sitima. Mesenjala yemwe uja anayamba kumuvulira chipewa. Blasius sanaiwale kwawo: Modester anamugulira mbuzi khola lodzaza, ndipo Judith anamutengera ku Balaka kuti akaphunzire sukulu yabwino.

Ndiye tsiku lina Lilian, akumwetulira mwamanyazi, anamuuza kuti waima.

Mkaziyo anadabwa kuona mwamuna wake akutuwa m'malo movina. Kuyambira pamenepo Blasius sanaonenso tulo tabwino. Mwana anabadwa, wamwamuna, anamutcha Elliam. Bambo ake anamuthamangitsira ku ubatizo mchombo usanapole, anamumangirira mendulo m'khosi, ndipo akangoyetsemula ankamunyamula ulendo wa kuchipatala. Nyengo ya msonkho ikayandikira ankakhala pambali pa mwanayo, kumugwira chipumi, kumuwerenga zala. Koma Elliam ankangonenepa, masaya ngati mandasi. Nyengo inadutsa, ina inadutsanso, mwana ali gwa. Blasius anayamba kuseka yekha kuti mankhwala a Che Ndembo ndi galu wopanda mano.

Maso ake onse anali pa Elliam, n'chifukwa chake za Judith ankazimva ngati mvula ya kutali. Chaka choyamba mtsikanayo anaima pakati pa nyimbo m'kwaya, pakamwa pali yasa, mawu atamuthawa, ndipo sanaimbenso. Anthu anati ndi manyazi a kukula. Chaka chachiwiri, mwana amene ankakhala nambala wani anapezeka atagwira buku chozondotsa, akuliyang'ana ngati sanalionepo. Aphunzitsi anamubweza. Chaka chachitatu anasiya kuyankhula, malovu anayamba kuyenderera pachibwano, ankangokhala kuseri kwa nyumba, mutu ukugwedezeka. Kuchipatala anamupima paliponse osapeza kanthu. Blasius ankalipira mankhwala mosaumira, ankamva chisoni chenicheni, koma sanafune kuganiza mopitirira pamenepo.

Modester anabwera kuchokera ku Chikweo kudzadwazika mwana wake. Masana ena anaitana mlongo wakeyo kuseri kuja.

“Achimwene, tabwerani mudzaone. Mwanayu sagwira ntchito iliyonse, ngakhale kapu ndimachita kumugwirira. Nanga izi zikuchokera kuti?”

Anatambasula manja a Judith. M'zikhatho monse munali matuza, ena ophulika, ena atsopano, ngati a munthu wonyamula matumba tsiku lonse. Kenaka anamupeta tsitsi ndi zala, ndipo munagwa ufa woyera.

“Ndimamusambitsa m'mawa uliwonse, koma pofika madzulo ufa wabwereranso. Chigayo chanu chili ku Ulongwe, ife tili kuno. Ine mutu wanga waima.”

Pamenepo Judith, amene anatha miyezi osatulutsa liwu, anakweza maso n'kumuyang'ana Blasius. Anamuzindikira.

“Amjomba,” anatero ndi mawu a munthu wochokera kutali, “ndatopa. Auzeni azimitse injini.”

M'mawa mwake Blasius anali pa ulendo wa ku Chiuta. Anapeza Che Ndembo ali pakhonde lomwe lija, ngati sanasunthepo.

“Mwandinamiza, ambuje. Tinapangana za mwana wanga. Judith si wanga, ndi wa mlongo wanga.”

“Nanga wanu ndi uti?”

“Elliam. Ndinabereka ndine.”

“Munkafuna titenge wa eni ake, tisanduke akuba?” anatero Che Ndembo modekha. “Elliam ndi wa alongo ake a mkazi wanu. Kwa mkazi wanu kuja inu ndinu tambala wobwereka, ndipo tambala alibe anapiye. Tandiuzani, Judith akanadzafuna kukwatiwa, akanadzagogoda pakhomo la yani? Akapalamula, mlandu amautula kwa yani? Mwambo wa kwanu ndikuphunzitseni ndine?”

Blasius anagwada m'fumbi. “Sindinadziwe.”

“Munkadziwa, bambo. Munangofuna kusadziwa.”

“Tengani chigayo, tengani nyumba. Tengani ineyo.”

“Inu mulibe kanthu m'kati, titapamo chiyani? Ndipo msonkho sabweza. Bwererani mukasamale ntchito yanu. M'dengu muja mukadali kaufa pang'ono, kakhoza kukufikitsani zaka ziwiri kapena zitatu. Koma mukasiya, mukudziwa zimene tinagwirizana.”

Blasius anabwerera akulira njira yonse, munthu wamkulu, osasamala omuona. Kupitiriza kunali kumudya mwanayo pang'onopang'ono, kusiya kunali kumupereka yense. Komabe anadzinyenga kachiwiri. Anati mwina nkhalambayo ikungomuopseza, mwina nsupa ikachoka mwana amasuka. Atafika pa Ulongwe anapeza mzere wa amayi ndi madengu awo. Analowa osapereka moni, anazimitsa injini ndi dzanja lake, anakumba pansi pake, ndipo nsupayo anakaiponya mu Shire pa Liwonde.

Anatsika basi ku Balaka dzuwa likupendeka. Asanakhote pa njira ya kunyumba kwake, anamva kulira kwa amayi.

Modester ndiye anamuuza mmene zinachitikira. Anati masanawo Judith anapuma mpweya waukulu ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni, anamwetulira, n'kunena kuti, “Azimitsa.” Kenaka anatsamira pamiyendo ya mayi ake, ndipo sanadzukenso.

Maliro anakaikidwa ku Chikweo. Kumeneko, bokosi lisananyamuke, pamafunika munthu wa kubanja aime n'kufotokozera khamu mmene matenda anayendera. Anthu anadikira. Modester, maso atatupa, anakwawira pamene panakhala mlongo wake, n'kumugwira bondo.

“Achimwene, imirirani muwauze anthu. Mwini mwana ndinu.”

Blasius anaimirira. Anayang'ana bokosi limene anagula yekha, lokongola kuposa onse amene anaonekapo m'mudzimo.

“Mwanayu sanadwale,” anatero. “Ndamudya ndine.”

Anafotokoza zonse, za Che Ndembo, za nsupa, za chigayo. Amuna ena anadzuka ndi ukali, akuluakulu n'kuwakhazika pansi. Modester sanakuwe, sanamutukwane. Anangomuyang'ana ali chogwada pomwepo.

“Ine ndinkakuthokozani kuti mukundilerera mwana,” anatero. “Nsima imene ndinkadya kwanu ija, nsalu iyi ndavalayi... Achimwene, ndiye kuti inenso ndamudya nawo?”

Mutu wa Blasius unathera pa funso limenelo. Chigayo sichinalirenso, amakaniko anachimasula n'kuchimanga mpaka kutopa. Lilian anatenga Elliam n'kubwerera kwa alongo ake, eni mwana. Nyumba ya malata inapita ndi angongole. Modester anamasula mbuzi zonse zija n'kuzipirikitsira kutchire, ndipo mpaka imfa yake dzina la mlongo wake sanalitchulenso.

Anthu amene ankakwera sitima pa Balaka zaka zimenezo akumukumbukira munthu wina wansanza, wa tsitsi lopotana, amene sitima ikamalowa ankatseka makutu n'kumathamanga m'mbali mwa njanji, akuchonderera woyendetsa kuti azimitse injini, mwana watopa. Amesenjala akamagwira anthu pamsika ankamudutsa osamufunsa kanthu. Anapeza zimene anapempha zija, sanathawenso munthu, pakuti wamisala sakhoma msonkho.

Akuluakulu amati nkhuyu zodya ana zimapota akulu, koma nkhuyu za chizimba amadya ndi wamkulu, wopotedwa n'kukhala mwana wosalakwa. Ngongole ndi yowawa, msonkho ndi wowawa, chingwe n'chochititsa manyazi, koma zonsezi munthu amalipira n'kutsala ndi anthu ake. Chuma chofuna mwadyera sichikhuta ndalama, chimadya amene umawakonda. Ndipo amene akuganiza kuti wamuchenjerera wopereka chuma choterocho, adziwe kuti wachenjerera mbumba yake yomwe.